Ka adapta ka memori khadi mu kamera: pomwe kamatithandiza ndi pomwe kamatigwetsa

Ambiri amene ayamba zojambula zithunzi zaka zino kuno kumudzi, kaya ku Lilongwe, ku Mzuzu kaya ku Blantyre, khadi lawo loyamba silinali la kamera ayi. Linali ka microSD ka mu foni kolowetsedwa mu kapulasitiki kaja timati adapta. Makamera ambiri timagula ndi oti anagwirapo kale ntchito, wina wabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, wina watumiziridwa ndi m'bale wake wa ku UK, imafika ndi batire ndi chaja basi, khadi mulibe. Nde ukapita mtauni kukasaka khadi, lomwe upeze pa benchi iliyonse ndi la foni chifukwa ogula ambiri ndi a mafoni, ndipo nthawi zambiri adapta imakhalamo kale mu paketi yaulere. SD yaikulu yeniyeni ya kamera mpaka uyendere mashopu angapo, ukaipeza mtengo wakenso wakwera. Munthu umangoti ndiyambe kaye ndi chomwe chilipo.

Anzanga ojambula amagawanika pawiri pa nkhaniyi. Ena amati adapta ndi yoononga, imachedwetsa kamera, imadya zithunzi, osaiyandikira. Ena amati palibe kusiyana kulikonse, khadi ndi khadi. Ine ndimaona kuti oyambawo amaiimba mlandu pa zinthu zomwe siichita n'komwe, ndipo achiwiriwo amaikhulupirira pa tsiku lomwe sikuyenera kuikhulupirira. Zimandikhudza chifukwa amene amalira zikavuta si ife ogwira kamera, ndi banja lija lomwe latilipira.

Mukapeza adapta yakutha ntchito muitsegule muone. Mkati mwake mulibe chip, mulibe memori, mulibe chilichonse choganiza. Ndi timizere tachitsulo topyapyala tomwe timalumikiza mapini 8 a microSD ndi mapini 9 a SD yaikulu, ndipo pini yoonjezerayo ndi earth yachiwiri chabe. Makhadi awiriwa ndi a banja limodzi. SD anaitulutsa a SanDisk, Panasonic ndi Toshiba mu 1999, ya mamilimita 32 ndi 24. Kakang'onoko, ka mamilimita 15 ndi 11, anayamba nako a SanDisk mu 2004 akukatcha TransFlash, mu 2005 ndi pomwe kanatenga dzina la microSD. Mmene amalankhulira ndi kamera ndi chimodzimodzi, nchifukwa chake sipafunika chomasulira pakati. Adapta ili ngati ekistenshoni ya magetsi, siipanga magetsi, siiwaonjezera, imangowadutsitsa, koma mawaya ake akalefuka mkati nyumba yonse imathima ngakhale magetsi alipo.

Nde kamera ikamati busy nthawi yaitali mukajambula zithunzi zotsatizana, kapena vidiyo ikamangoima yokha pakati pa nyimbo ya kwaya, kawirikawiri olakwa si adapta, ndi khadi lomwe lili mkatimo. Nambala yaikulu yomwe amalemba pa paketi, ngati 100 MB/s kapena 120 MB/s, nthawi zambiri ndi liwiro lowerengera, mmene khadi limatulutsira zinthu mukamakopera ku laputopu. Kamera yanu zimenezo ilibe nazo ntchito pojambula, imafuna liwiro lolembera, ndipo limenelo limabisala mu tizizindikiro tating'ono. Ka 10 kokhala mkati mwa C (Class 10) kapena ka 1 kokhala mkati mwa U ndiye kuti khadilo silitsika pansi pa 10 MB pa sekondi. Ka 3 mkati mwa U kapena V30 ndi 30 MB pa sekondi, V60 ndi V90 chimodzimodzi malinga ndi nambala. Vidiyo ya 4K ya 100 Mbps, mukagawa ndi 8 kuti ikhale ma MB, imalemba 12.5 MB sekondi iliyonse osapuma, khadi la Class 10 wamba lafika kale pamapeto a lonjezo lake, nchifukwa chake makamera a Sony amafuna la U3 pa setting imeneyo. Chithunzi chimodzi cha RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yajambula, yosachepetsedwa) cha kamera ya ma megapixel 24 chimakhala cha m'ma 25 MB, mukapanikiza batani pa perekani-perekani anthu akuvina akuponya ndalama, muwerengere nokha. Ndipo zilembo za A1 ndi A2 zomwe ogulitsa amakonda kuloza kuti onani ili ndi lamphamvu, zimenezo ndi za ma app a mu foni, ku kamera sizikuthandizani kanthu.

Pali malo amodzi pomwe adapta imachedwetsadi. Makhadi a mtundu wothamanga wotchedwa UHS-II ali ndi mzere wachiwiri wa mapini kumbuyo ndipo amatha kufika 312 MB/s, pomwe a mzere umodzi, a UHS-I, malire awo ndi 104 MB/s. Ma adapta wamba ali ndi mzere umodzi wokha. Ngati muli ndi kamera ngati Fujifilm X-T3 kapena Canon R6 yomwe imalandira UHS-II, n'kuikamo khadi kudzera mu adapta yaulere ija, mwabwerera ku liwiro lakale ngakhale khadilo munaligula modula. Koma tinene zoona, ambiri a ife tikugwira 600D, 1300D, D3200, D5300, makamera oti mzere wachiwiriwo alibe n'komwe, nde kwa ife nkhawa imeneyi palibe.

Vuto lenileni la adapta ndi thupi lake. SD yaikulu imakhudzana ndi kamera malo amodzi. Ndi adapta malo okhudzana amakhala awiri, khadi ndi adapta, kenako adapta ndi kamera, ndipo malo oyambawo ndi timasipuling'i topyapyala tomwe timalefuka mukamazula n'kubwezera tsiku ndi tsiku. Onjezerani fumbi la mwezi wa Okutobala, thukuta la m'manja, kamera ikugunda pa chiuno mukuthamanga kuchokera ku tchalitchi kupita ku holo. Kukhudzana kukaduka kanthawi kochepa kamera ili mkati molemba, chithunzi chimenecho chapita, pena mpaka tebulo lonse losonyeza pomwe pali mafayilo limasokonekera, kamera n'kuyamba kuonetsa Err 02 ngati ndi Canon, kapena CHA pa ma Nikon akale. Pulasitiki yakenso ndi zidutswa ziwiri zongomatidwa, imayamba kung'ambika m'mbali, ndipo timizere tolekanitsa mapini kutsogolo tikathyokera mkati mwa kamera mwagula vuto lalikulu kuposa mtengo wa khadi.

Kenako kaloko kaja ka m'mbali. Ambiri sadziwa kuti kaloko kameneka sikalumikizana ndi waya aliyense mkati. Ndi kapulasitiki kongotsetsereka basi, ndipo chomwe chimaona kuti kali m'mwamba kapena pansi ndi kaswitchi kamene kali mu kamera, polowera khadi. Pa adapta yotchipa kamakhala kolefuka, nde polowetsa kamakhula m'mbali n'kutsetserekera pa lock kokha, kamera n'kukana kujambula kuti khadi ndi lokhoma. Ndinaonapo mnyamata wina wojambula bwino ndithu, pa chinkhoswe, nthawi yomwe ankhoswe akusinthana tambala ndi thadzi, iye ali pakati pa bwalo akutulutsa khadi, kukankha kaloko, kubwezera, kamera n'kukananso. Pomwe zimatheka, nkhuku zinali zitapita kale m'manja mwa eni ake ndipo a MC anali atayitana gulu lina. Palibe amene angauze ankhoswe a mbali ziwiri kuti bwerezani pang'ono kamera inavuta. Ena amamata selotepi pa kaloko kuti kasasunthe, zimagwira inde, koma selotepi ikatenthedwa imamatuka n'kutsalira mkati mwa kamera pamodzi ndi ulimbo wake. Adapta yolefuka loko ndi yotaya, musaimvere chisoni.

Koma chomwe chimaononga zithunzi zambiri kuposa zonsezi, mmene ndikuonera ine, ndi chizolowezi chomwe adapta imabweretsa. Poti kakhadiko kamalowanso mu foni, munthu ukangomaliza kujambula umakazula, kulowetsa mu foni, kutumiza zithunzi pa WhatsApp kwa achemwali a mkwatibwi amene akukufunsa kuti atiponyereko ziwiri za status, kenako kubwezeranso mu kamera. Ndikumvetsa, makasitomala a masiku ano safuna kudikira, ndipo pa graduation ku Great Hall ku Zomba ojambula amakhala ambirimbiri, wochedwa kupereka kasitomala amamulanda mnzake. Koma foni ya Android ikangolandira khadi imayamba kulembamo zake, mafoda a Android, LOST.DIR, ma thumbnail, pena nyimbo ndi ma voice note. Kamera imayembekezera kupeza foda yake ya zithunzi, ya DCIM, mmene inaisiyira, makamera ena amasunganso ka database kawo ka zithunzi ndi mavidiyo, nde mukadilita zinthu kudzera pa foni kamera imasokonezeka. Choopsa kwambiri ndi funso lomwe mafoni ena amafunsa kuyambira pa Android 6 ya 2015, loti khadili likhale portable kapena internal storage. Mukadina internal, foni imalifomata n'kulitseka ndi encryption yoti foni yokhayo ndi yomwe ingaliwerenge. Zithunzi za ukwati wonse zimapita pa kudina kumodzi, ndipo kuzibweza kumakhala kovuta kwambiri.

Njira yake ndi yosavuta. Khadi la kamera likhale la kamera basi. Mukalowetsa microSD mu adapta, muzitenge ngati zamatana, osazilekanitsanso. Ngati mukufuna kutumiza zithunzi pompopompo, gulani ka card reader kolumikiza ku foni pa OTG, kapena kuti pa bowo lochajira, mulowetse adapta yonse ili yokhoma pa lock, ma reader ambiri amalemekeza lokoyo nde foni imangowerenga osalembamo. Kapena gwiritsani Wi-Fi ya kamera ngati ili nayo. Ndipo kufomata muzifomatira mu kamera momwemo mutakopera kale zithunzi malo awiri, osati pa foni.

Za makhadi a feki ndisachulukitse, tonse tikudziwa kuti adzaza, ndipo microSD ndi yomwe amaipanga feki kwambiri poti ndi yomwe imayenda malonda. Lalembedwa 128 GB, pa kompyuta likuonetsanso 128 GB, koma mkati muli memori ya 8 GB kapena 16 GB yomwe anaiuza kuti izinama. Limajambula bwinobwino mpaka malo enieniwo atadzadza, kuchoka apo mayina a mafayilo amaoneka koma mukatsegula mulibe kanthu, kapena zatsopano zikufufuta zakale. Munthu amati adapta yandidyera zithunzi pomwe khadi linali lonama kuyambira tsiku logula. Pali ka pulogalamu kaulere kotchedwa H2testw ka pa Windows, kamadzadza khadi lonse kenako n'kuwerenga kuona ngati zonse zabwerera, pa Mac ndi Linux pali F3. Zimatenga nthawi, pa khadi lalikulu mwina usiku wonse, koma khadi latsopano lisapite ku ntchito ya kasitomala lisanadutse pamenepo.

Chinanso chomwe adapta singachite ndi kusandutsa kamera yakale kukhala yatsopano. SD yoyambirira malire ake anali 2 GB. Mu 2006 kunabwera SDHC yofika 32 GB yogwiritsa kafomatidwe ka FAT32, mu 2009 kunabwera SDXC yofika 2 TB yogwiritsa kafomatidwe ka exFAT. Nikon D50 ya 2005 imadziwa SD yoyambirira yokha, mukaipatsa la 16 GB siilizindikira olo adapta ikhale yatsopano bwanji. Canon 450D ya 2008 inapangidwira SD ndi SDHC, pomwe 550D ya 2010 ndi yomwe imalandira SDXC. Musanagule la 64 GB chifukwa choti latchipa, onani kaye chaka cha kamera yanu ndi zomwe buku lake likunena. Ndimamva chisoni ndikaona wina akugulitsa kamera yabwinobwino motchipa poganiza kuti polowera khadi panafa, pomwe imangofuna khadi laling'ono.

Tsopano pali mtundu wina wa adapta womwe ndi nkhani ina kotheratu, ndipo apa ndi pomwe ndimafuna anzanga amene mwagula makamera akuluakulu akale mumvetsere. Canon 5D Mark II ya 2008, 7D ya 2009, 40D, 50D, Nikon D700, D300, onsewa amadya CompactFlash (CF), khadi lalikulu lija lomwe a SanDisk anatulutsa mu 1994. Makamera amenewa atchipa kunja ndipo zithunzi zake mpaka lero ndi zokongola, nde akulowa ambiri, koma khadi la CF kulipeza kuno ndi ntchito. Anthu amaitanitsa adapta ya SD kupita ku CF. Imeneyi siili ngati ija ya timawaya ayi, CF ndi SD zimalankhula zosiyana, nde mkati mwake muli chip chomasulira, ndipo liwiro lonse limathera pa chip chimenecho. Mutha kuikamo khadi la V30 labwino koma kamera n'kumalemba pang'onopang'ono, vidiyo n'kumaima, batire n'kumatha msanga, ndipo adapta ina imagwira mu kamera iyi n'kukana mu inzake popanda chifukwa chooneka. Ena amafika poika microSD mu adapta ya SD, adapta imeneyo n'kuilowetsanso mu adapta ya CF, malo okhudzana atatu pa chithunzi chimodzi. Zimenezo ayi ndithu.

Palinso makulidwe. CF ya Type I ndi yochindikala mamilimita 3.3, ya Type II ndi mamilimita 5, ndipo ma adapta ambiri a SD ndi a Type II poti SD iyenera kukwana mkati. 5D Mark II imalandira mitundu yonse iwiri, koma D700 imalandira Type I yokha. Ndipo polowera CF mu kamera pali timapini 50 tosongoka tomwe timalowa m'mabowo a khadi. Adapta yopangidwa mosasamala, yomwe njanji zake za m'mbali ndi zogwedera, imalowa mopendekeka n'kupinda pini imodzi. Pini yopindika ikakhudza inzake kamera imatha osayakanso, ndipo kukonza kwake mpaka kuphwasula kamera, amisiri odziwa zimenezo kuno ndi owerengeka. Ngati ikulimba polowa, musakankhe. Ine munthu akandifunsa ndimamuuza kuti ngati ndalama ya 5D Mark II yapezeka, ipezekenso ya makhadi awiri a CF enieni, uzani amene akukutumizirani kamerayo aikemo limodzi. Adapta ya CF ikhale yosungira mu chikwama tsiku lomwe zavutiratu.

Pomwe ndimaiyamikira adapta ndi mtima wonse ndi pa timakamera tating'ono takale tomwe tili m'madirowa a makolo athu. Sony Cyber-shot zambiri za chaka cha 2010 chisanafike zimafuna Memory Stick, khadi la Sony lokha lomwe linayamba mu 1998, ndipo lero simungalipeze mu shopu wamba. Ka adapta ka microSD kupita ku Memory Stick PRO Duo, komwe anyamata osewera magemu pa PSP ya Sony amakadziwa bwino, kamadzutsa makamera ambiri otere, ngakhale akale kwambiri a Memory Stick PRO isanabwere mu 2003 sangalandire. Olympus ndi Fujifilm anali ndi lawo la xD kuyambira 2002 lomwe linathera pa 2 GB, ndipo Olympus anapanga adapta yotchedwa MASD-1 ya microSD, koma imagwira m'makamera okhawo a Olympus amene anapangidwa kuti aizindikire, nde musangogula poti ikukwana pa bowo. Mwana wa sukulu amene akufuna kuphunzira kujambula, kumupatsa Cyber-shot ya malume ake ndi adapta yotere ndi chiyambi chabwino kwambiri, aphunzira kuona kuwala ndi kuimika anthu popanda kudikira ndalama ya kamera yaikulu ya DSLR.

Nde maganizo anga ali apa. Pophunzira, pojambula maluwa, ana kunyumba, katundu wogulitsa pa Facebook, zithunzi za mu situdiyo zomwe mutha kuuza munthu kuti imaninso, adapta yabwino ndi khadi la orijino palibe vuto, gwiritsani ndi mtima pansi. Koma ukwati, chinkhoswe, graduation, ubatizo, maliro a gogo amene ana ake ali kunja akudikira zithunzi, pamenepo mu kamera mukhale SD yaikulu. Mtengo wa SD ya 32 GB yabwino mukaufanizira ndi ndalama yomwe mumatchaja ukwati umodzi ndi wochepa, ndipo mudzaigwiritsa ntchito maukwati ambiri. Ndimakondanso makhadi awiri kapena atatu apakatikati kusiyana ndi limodzi lalikulu, la ku tchalitchi lake, la ku reception lake, kuti limodzi likavuta tsiku lonse lisapite. Amene muli ndi makamera a malo awiri ngati D7000, D7100 kapena 5D Mark III, ikani kuti izilemba ku makhadi onse awiri nthawi imodzi, ndipo ngati adapta iyenera kulowa, ilowe kwachiwiriko. Ngati pakadali pano ndalama ya SD palibe, ndikumvetsa achimwene, tonse tinayambira pomwepo, koma yendani ndi ma adapta awiri apadera mu kabokosi kotseka, osati m'thumba la thalauza limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo.

Zikavuta muli pa ntchito, kamera yati card error kapena ikufunsa kuti ifomate, choyamba musavomere. Zimitsani kamera, dikirani kagetsi kofiira kolemba kathime, tulutsani khadi, ikani lina mupitilize ntchito. Lovutalo musajambulirenso olo chithunzi chimodzi, chifukwa mafayilo otayika nthawi zambiri amakhala akadali momwemo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Mukafika kunyumba yambani ndi kusintha adapta, kapena lowetsani microSD mu reader yake mwachindunji, kawirikawiri mupeza zonse zilimo, inafa ndi adapta yokha. Kompyuta ikafunsa kuti ifomate, kanani. Ngati sizikuonekabe, PhotoRec ndi yaulere ndipo imasaka zithunzi ngakhale tebulo la mafayilo litaonongeka, imadziwa JPEG komanso RAW za Canon ndi Nikon, kungoti mayina a mafayilo amabwera osintha ndipo mavidiyo pena amabwera oduka. Zomwe yapeza muziuze zipite pa hard drive ya kompyuta, osati pa khadi lomwelo. Ndipo khadi loti lavutapo kamodzi, olo mutalifomata n'kuoneka ngati lachira, lisapitenso ku ntchito ya kasitomala.